Akukusalani pa ntchito ku Joni? Njira yokasumira ku CCMA ndi iyi

Funso ili limabwera mwezi ndi mwezi, ndipo kawirikawiri limabwera madzi atafika kale m'khosi: "Bwana amandilipira zochepa kuposa anzanga eni dziko, amanditchula kwerekwere pamaso pa makasitomala, ndipite kuti?" Yankho lalifupi ndi lakuti pitani ku CCMA. Koma yankho lalifupili lagwetsa anthu ambiri, chifukwa munthu amafika kumeneko atanyamula mkwiyo wokhawokha. Tsiku sakulikumbukira, pepala alibe, ngakhale dzina lenileni la kampani sakulidziwa.

Zomwe zili pano ndi za ku South Africa kokha. Amene muli ku Britain kapena ku maiko a Aluya, malamulo ndi masiku ake n'zosiyana, musatengere izi.

CCMA ndi chidule cha Commission for Conciliation, Mediation and Arbitration, bungwe lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la Labour Relations Act la 1995 kuti liziweruza mikangano ya pa ntchito. Si polisi, si Home Affairs, ndipo kusuma kwake n'kwaulere. Wina akakuuzani kuti mumupatse ndalama "yotsegulira failo" ku CCMA, akukuberani.

1. Werengani masiku musanachite china chilichonse

Nthawi yomwe muli nayo imatengera funso limodzi: mukadali pa ntchito, kapena akuchotsani?

Ngati mukadali pa ntchito, kapena munafunsira ntchito n'kukanidwa chifukwa cha tsankho, nkhani yanu ili pansi pa Employment Equity Act ya 1998. Muli ndi miyezi 6 kuchokera tsiku lomwe tsankholo linachitika. Koma ngati akuchotsani, nkhaniyo imayendera Labour Relations Act, ndipo muli ndi masiku 30 okha. Ndi masiku a pa kalendala, Loweruka ndi Lamlungu akuwerengedwa momwemo.

Ambiri amaphonya apa. Anamva za miyezi 6, ndiye amakhala phee, osadziwa kuti kuchotsedwa ntchito kuli ndi nthawi yakeyake. Disembala ndiye woopsa. Munthu amuchotsa pa 10 Disembala, akwera basi kukadya Khirisimasi ku Mzimba kapena ku Mangochi, abwerera kumapeto kwa Januwale, apeza nthawi inatha kalekale. Perekani fomu musanakwere basi.

Mukachedwa, pali pempho lotchedwa condonation, lopempha kuti akukhululukireni kuchedwako. Mumafotokoza kuti mwachedwa masiku angati, chifukwa chiyani, komanso kuti mlandu wanu uli ndi mphamvu. Kalata ya kuchipatala imathandiza. Mawu akuti "bwana ankangoti tikambirana" sathandiza kwenikweni, ndipo mabwana ena amatero dala kuti masiku apite.

Chinanso, musasiye ntchito nokha chifukwa cha kupsa mtima. Lamulo limavomereza kuti munthu angathe kusiya ntchito chifukwa bwana wachititsa kuti pasakhalike, n'kusuma ngati wochotsedwa, koma umboni wake ndi wovuta kwambiri ndipo udindo woonetsa kuti panali posakhalika umagwera inu.

2. Nanga ngati mapepala sali bwino?

Mu 2008, pa mlandu wa Discovery Health ndi CCMA, khoti la Labour Court linagamula kuti munthu wa ku Argentina yemwe pemiti yake inatha anali wogwira ntchito ndithu pamaso pa lamulo, ndipo CCMA inali ndi mphamvu yomva dandaulo lake. Choncho bwana akamati "ulibe mapepala, palibe komwe ungandisumire," akunama. Ndiponso iyeyo, polemba ntchito munthu wopanda pemiti, waphwanya Immigration Act ya 2002.

Koma tisanamizane. Kusuma sikukonza mapepala anu, sikukutetezani ku Home Affairs, ndipo n'kovuta kuti akubwezereni pa ntchito yomwe lamulo silikulolani kugwira. Chomwe mungayembekezere ndi ndalama. Ngati munalowa ntchito ndi dzina kapena chiphaso cha munthu wina, kaonaneni ndi odziwa malamulo musanalembe fomu, ndipo muwauze zoona zonse. Bodza limeneli likaululikira pakati pa mlandu mutalumbira kale, zina zonse zomwe mwanena zimakayikitsa.

3. Tchulani tsankholo ndi dzina lake

Apa ndiye pagona nkhani, ndipo ndi pomwe malangizo ambiri amangodumpha.

Bwana wankhanza si bwana watsankho. Ngati amatukwana aliyense, Mzulu, Mmalawi, mzungu, onse chimodzimodzi, ndi munthu woipa, koma simungapambane mlandu wa tsankho. Lamulo limafuna kuti muonetse kuti akukuchitirani mosiyana ndi ena chifukwa cha chomwe inu muli. Gawo 6 la Employment Equity Act limatchula zifukwa zoletsedwa: mtundu, khungu, kukhala mkazi kapena mwamuna, mimba, kukhala pa banja kapena ayi, udindo wosamalira banja, fuko kapena komwe munachokera, msinkhu, ulumali, chipembedzo, kukhala ndi HIV, chikhalidwe, chilankhulo, kubadwa, maganizo a ndale, ndi zina zingapo. Kumapeto kuli mawu akuti "any other arbitrary ground", kutanthauza chifukwa china chilichonse chopanda pake chonyoza umunthu.

Mwaona chomwe chikusowa pa mndandandawu? Kukhala nzika ya dziko lina sikunatchulidwe mwachindunji. Izi zili ndi tanthauzo lalikulu chifukwa cha gawo 11 la lamulo lomweli. Mukasuma pa chifukwa chomwe chili pa mndandanda, mwachitsanzo mimba kapena chilankhulo, katundu amasenza ndi bwana: iye ndiye ayenera kuonetsa kuti tsankholo silinachitike, kapena kuti zomwe anachita zinali ndi chifukwa chomveka. Mukasuma pa chifukwa chomwe sichili pa mndandanda, katundu musenza ndinu. Muonetse kuti zomwe anachitazo zinalibe nzeru, kuti ndi tsankho, komanso kuti n'zopanda chilungamo.

Sikuti mlendo alibe pogwira. Mu 1997, pa mlandu wa Larbi-Odam wa aphunzitsi ochokera kunja omwe ankaphunzitsa m'chigawo cha North West, Constitutional Court inavomereza kuti kusala munthu chifukwa si nzika kungathe kukhala tsankho losaloledwa. Komabe, ngati zomwe zinachitika zikulola, musangolemba "chifukwa ndine Mmalawi" n'kusiyira pomwepo. Ngati amakusekani kalankhulidwe kapena kukuletsani kulankhula Chichewa pa nthawi yopuma pomwe ena akulankhula Chizulu, tchulani chilankhulo. Ngati amanyoza komwe munachokera, tchulani zimenezo, pa Chingerezi ndi "ethnic or social origin". Kenako onjezani za unzika. Musapeke chifukwa chomwe palibe, ingotchulani zonse zomwe zilipodi.

Musanalembe kalikonse, dziyankheni mafunso atatu. Anandichitira chiyani, tsiku liti? Ndani wogwira ntchito ngati yanga yemwe sanamuchitire zimenezo? Chikuonetsa n'chiyani kuti kusiyanako kwabwera chifukwa cha chomwe ndili?

Taonani madandaulo awiri a munthu mmodzi yemweyo.

Loyamba: "Bwana amadana ndi Amalawi. Amatizunza ndipo satilipira bwino."

Lachiwiri: "Ndine wophika pa lesitilanti iyi kuyambira 2022. Tilipo ophika anayi, ntchito ndi imodzi, maola ndi amodzi. Awiri eni dziko, omwe anayamba pambuyo panga, amalandira R38 pa ola. Ine ndi mnzanga wa ku Zimbabwe timalandira R30. Pa 14 Meyi ndinafunsa manijala chifukwa chake, ndipo anayankha pamaso pa wotsuka mbale kuti alendo tizithokoza kuti tili ndi ntchito."

Loyambalo lingathe kukhala loona, koma palibe chomwe woweruza angagwirepo. Lachiwiri lili ndi tsiku, ndalama, anthu oyerekezera nawo, mboni, ndi mawu a manijala olumikiza malipirowo ndi kukhala mlendo kwa munthuyo. Kulumikizako ndiko kumapambanitsa mlandu. Gawo 6(4), lomwe linayamba kugwira ntchito mu 2014, limanena kuti kusiyanitsa malipiro pa ntchito yofanana chifukwa cha zifukwa zija ndi tsankho.

Konzekeraninso yankho la bwana, chifukwa sadzavomera. Adzati winayo ndi wakale pa ntchito, ali ndi satifiketi, kapena amagwira bwino kuposa inu. Zifukwa zimenezi lamulo limazilola ngati zili zoona, n'chifukwa chake munthu woyerekezera naye muzimusankha mosamala: wa ntchito yofanana, makamaka amene anabwera pambuyo panu. Dziwaninso kuti ndondomeko ya affirmative action, yokweza anthu omwe ankaponderezedwa nthawi ya apartheid, ndi ya nzika za South Africa zokha. Kampani ikatsatira ndondomeko imeneyi moyenera n'kukweza mwini dziko m'malo mwa inu, zimawawa, koma nthawi zambiri si mlandu.

Pali nkhani zina zosafuna munthu woyerekezera naye. Kutukwanidwa mobwerezabwereza ndi mawu onyoza mtundu wanu, kugwiridwagwiridwa, kapena kuuzidwa kuti mugone ndi bwana kuti ntchito isathe, zonsezi gawo 6(3) limaziwerenga ngati tsankho pazokha. Kukakamizidwa kuyezetsa HIV n'koletsedwanso pokhapokha Labour Court italoleza.

Ndipo ngati nonse, eni dziko ndi alendo omwe, mukulandira zochepera malipiro otsikitsitsa a boma, umenewo si mlandu wa tsankho koma wa malipiro. Kuyambira pa 1 Malichi 2025 malipirowo anali R28.79 pa ola, kuphatikizapo ogwira ntchito m'nyumba ndi m'minda, ndipo amakwera chaka ndi chaka. Nkhani imeneyi CCMA imamvanso, ndipo umboni wake ndi wosavuta.

4. Sonkhanitsani umboni mwakachetechete

Gulani kope laling'ono, muzilisunga kunyumba, osati mu loka ya kuntchito. Tsiku lililonse pakachitika kanthu, lembani madzulo omwewo: tsiku, nthawi, malo, amene analankhula, mawu ake enieni m'chilankhulo chomwe analankhulira, ndi amene analipo. Kope lolembedwa tsiku ndi tsiku limakhulupirika kuposa nkhani yokumbukira patapita miyezi isanu.

Sungani kontilakiti, mapeyisilipi, ndi mauthenga a ku banki oonetsa ndalama zikulowa. Ngati amakulipirani pamanja, lembani ndalama ndi tsiku nthawi iliyonse. Mauthenga a pa WhatsApp muwajambule moti nambala ya wotumiza ndi tsiku zizioneka, kenako muwatumize ku imelo yanu. Foni imabedwa, imagwera m'madzi, ndipo tsiku lokuchotsani amayamba n'kukutulutsani mu gulu la WhatsApp la kuntchito.

Kujambula mawu: lamulo la RICA la 2002 limalola munthu kujambula zokambirana zomwe iye mwini akutenga nawo mbali, ngakhale winayo asakudziwa. Kusiya foni mu ofesi ya bwana kuti ijambule zomwe akukambirana ndi ena inu mulibe, zimenezo ayi. Musabenso mafailo a kampani pofuna kudziwa malipiro a anzanu, mungapereke nokha chifukwa chokuchotserani. Funsani mnzanuyo akuonetseni peyisilipi yake mwa kufuna kwake.

Za mboni, musadalire kwambiri. Amene akuti "ndidzakuyimira" lero ali ndi lendi yolipira, ndipo tsiku la mlandu foni yake imakhala yozima. Osamuda. Mangani mlandu woti uyime ngakhale iye asabwere.

5. Dandaulani kaye kwa bwana, polemba

Anthu amadumpha sitepe iyi poganiza kuti n'kutaya nthawi. Koma gawo 10 la Employment Equity Act limafuna kuti muonetse CCMA kuti munayesapo kuthetsa nkhaniyo. Komanso ngati wokusalaniyo ndi wantchito mnzanu kapena supavaiza, gawo 60 la lamulo lomweli limapatsa kampani mlandu ngati inauzidwa n'kukhala osachitapo kanthu. Mukapanda kuiuza, idzangoti sinkadziwa.

Kalata ikhale yaifupi, ya Chingerezi chosavuta: zomwe zinachitika, masiku ake, chifukwa chomwe mukuona kuti ndi tsankho, chomwe mukufuna chichitike, ndi tsiku loti akuyankheni, masiku 7 ndi okwanira. Musatukwane, musaopseze. Pangani makope awiri, wolandirayo asaine lanu. Akakana, tumizani pa imelo kapena pa WhatsApp. Ogwira ntchito m'nyumba mulibe ofesi yoona za antchito (HR), choncho uthenga wa pa foni wopita kwa adona kapena abwana ndi wokwanira.

Kudikira yankho sikuimitsa miyezi 6 ija. Akakuchitirani chipongwe chifukwa chodandaula, monga kukuchepetsani mashifiti, lembani m'kope muja, chifukwa gawo 51 la lamulo lomweli limaletsa zimenezo.

6. Lembani fomu ya LRA 7.11

Imapezeka ku ofesi iliyonse ya CCMA ndi pa webusaiti yawo. Zolakwika zomwe zimabwerezedwa ndi izi.

Dzina la bwana. Dzina lolembedwa pa chikwangwani cha shopu nthawi zambiri si dzina la kampani. Koperani lomwe lili pa kontilakiti kapena pa peyisilipi, ndi (Pty) Ltd kapena CC yake yomwe. Mukalakwitsa, mutha kupambana mlandu n'kulephera kutolera ndalama chifukwa kampani ya dzina limenelo kulibe. Ngati munalowa kudzera kwa labour broker, kampani yomwe imapezera makampani ena antchito, lembani onse awiri.

Mtundu wa mlandu. Chongani tsankho ngati mukadali pa ntchito, kuchotsedwa ngati akuchotsani. Ntchito zina, monga za zitsulo, za malole ndi za ulonda, zili ndi bargaining council yakeyake, bungwe la mabwana ndi mayuniyoni lomva mikangano ya pa ntchito zimenezo, ndipo nkhani ya kuchotsedwa imapita kumeneko. Funsani pa kauntala tsiku loyamba lomwelo kuti masiku 30 asakuthereni pa khomo lolakwika.

Womasulira. CCMA imapereka omasulira a zilankhulo za boma la South Africa. Chichewa, Chitumbuka ndi Chiyao palibe, ndiye lembani pa fomu chilankhulo chanu ndipo konzekerani kubwera ndi womasulira wanu. Ngati Chingerezi kapena Chizulu chanu n'chongogulira zinthu ku shopu, musachite manyazi, mlandu umafuna mawu olondola.

Sainani. Kenako perekani kope kwa bwana, pamanja, pa imelo kapena pa positi ya rejisitala, ndipo sungani umboni wake: siginecha ya wolandira, imelo yotumizidwa, kapena risiti. Popanda umboniwu fomu yanu siyenda. Mukatero perekani zonse ku CCMA n'kusunga nambala ya mlandu. Nambala ya foni yomwe mwalemba musaisinthe, chifukwa tsiku la mlandu amakudziwitsirani pomwepo.

Polisi, Equality Court (khoti lomva milandu ina ya tsankho) ndi ofesi ya kazembe wa Malawi ku Pretoria saweruza tsankho la pa ntchito. Ku polisi mupite ngati akumenyani, akugwirirani, kapena akulandani pasipoti, koma fomu ya CCMA muperekebe.

7. Tsiku loyanjanitsa

Msonkhano woyamba umatchedwa conciliation, ndipo umayenera kuchitika mkati mwa masiku 30. Mumakhala m'chipinda inu, bwana kapena womuyimira, ndi komishinala. Komishinalayo pa tsikuli saweruza, ndi mkhalapakati chabe. Maloya saloledwa, koma ngati muli mu yuniyoni yolembetsedwa, mkulu wake angathe kukuyimirani. Zokambidwa m'chipindamo ndi zachinsinsi, sizingakagwiritsidwe ntchito pa mlandu kutsogolo.

Pitani mutadziwa kale chomwe mukufuna. Ngati ndi malipiro, werengerani monga pa chitsanzo cha wophika uja: kusiyana kwa R8 pa ola, maola 45 pa sabata, ndi R360 pa sabata, muchulukitse ndi masabata omwe mwagwira. Ganiziraninso ndalama yotsikitsitsa yomwe mungavomere.

Bwana akapereka ndalama, pepala lomwe mudzasaine lidzakhala ndi mawu akuti "full and final settlement". Tanthauzo lake n'lakuti nkhani yatha, simudzabwereranso. Musasaine musanamve mzere uliwonse. Onetsetsani kuti palembedwa ndalama yeniyeni, tsiku lolipira, ndi akaunti yolowetsamo. Palibe amene angakukakamizeni kuvomera, ngakhale komishinala.

8. Mukapanda kugwirizana

Komishinala amapereka satifiketi yoti nkhani sinathe. Kuchokera apo muli ndi masiku 90 opititsa mlandu patsogolo, ndipo njira zilipo ziwiri.

Ngati nkhani ndi ya nkhanza zokhudza kugonana, kapena malipiro anu ndi ochepera mlingo womwe nduna ya zantchito imalengeza, mutha kupempha CCMA yomweyo kuti iweruze, pa fomu ya LRA 7.13. Kuyambira pa 1 Epulo 2025 mlingowo unali R261,748.45 pa chaka, pafupifupi R21,800 pa mwezi, choncho ambiri ogwira m'nyumba, m'magaladeni, m'mashopu ndi m'malesitilanti ali pansi pake. Kuweruzaku kumatchedwa arbitration. Mumalumbira, mumafunsidwa mafunso ndi mbali inayo, ndipo mapepala anu muwaike mu dongosolo, masamba atalembedwa manambala, makope atatu. Mukajomba tsiku limeneli, mlandu angathe kuuthetsa. Amene sanakhutire ndi chigamulo ali ndi masiku 14 okachita apilo ku Labour Court.

Olandira zoposa mlingowo amapita ku Labour Court, pokhapokha mbali zonse zitavomera kuti CCMA iweruze. Kumenekonso n'komwe kumapita mlandu wochotsedwa ntchito chifukwa cha tsankho, womwe chipukuta misozi chake chingafike malipiro a miyezi 24, pomwe kuchotsedwa kopanda chilungamo wamba kumalekezera pa miyezi 12. Miyezi 24 imakopa, koma Labour Court imachedwa, n'kovuta kuyendako popanda loya, ndipo ziwerengerozi ndi malire chabe, si zomwe aliyense amalandira. Ngati umboni wa tsankho ndi wofooka koma n'zoonekeratu kuti anakuchotsani popanda kukumvani, nthawi zambiri n'kwanzeru kusuma ngati kuchotsedwa wamba, mlandu uthere ku CCMA. Pa chisankho chimenechi funsani a Legal Aid South Africa, Lawyers for Human Rights, Wits Law Clinic ku Johannesburg, Casual Workers Advice Office ku Germiston, kapena Scalabrini Centre ku Cape Town.

Mukapambana bwana n'kukana kulipira, bwererani ku CCMA mukapemphe kuti chigamulocho achitsimikize pansi pa gawo 143 la Labour Relations Act. Chikatero chimakhala ndi mphamvu ngati chigamulo cha khoti, ndipo sherifu, mkulu wa khoti wolanda katundu, angathe kukalanda katundu wa kampani. Ngati mukubwerera kumudzi nkhani isanathe, musatseke akaunti ya ku banki ya ku Joni, alembereni a CCMA imelo ndi nambala yomwe mudzapezekepo, ndipo pemphani mwa kalata, nthawi ikadalipo, kuti mlandu wanu udzamvedwe kudzera pa intaneti.